Banja lisanalipire fizi: kusankha koleji ya maphunziro a zaluso

Nkhani yokambidwa pamisonkhano ya makolo ndi achinyamata m'mawodi a boma la Dedza



Chaka chilichonse zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikangotuluka, makoleji amayamba kuitana ophunzira. Mauthenga amamveka pa wailesi, mapepala amamatidwa pamitengo ya pamsika, ndipo ena amafika pa foni kudzera pa WhatsApp ndi Facebook. Pakati pa achinyamata amene amamva kuitanaku pali ena amene luso lawo linaonekera kale ali aang'ono: mtsikana amene ankajambulira aphunzitsi matchati a m'kalasi, mnyamata wosema ziboliboli, woimba wa m'kwaya, katswiri wa zisudzo pasukulu. Mwana wotere akafuna kupitiriza maphunziro a zaluso, banja limagulitsa matumba a mbatata ya kachewere, mbuzi kapena chimanga cha m'nkhokwe kuti lipeze fizi. Ndalama zotere zikapita ku koleji yolakwika sizibwerera, ndipo zaka ziwiri za mwanayo zimapitira limodzi. N'chifukwa chake mfundo yaikulu ya nkhaniyi ndi imodzi: koleji isankhidwe poyang'ana kumene pepala lake ndi luso lophunziridwa kumeneko zidzamufikitse mwana akamaliza.

Luso ndi ntchito yodyetsa banja

Makolo ena amada nkhawa akamva kuti mwana akufuna kuphunzira zojambulajambula, nyimbo kapena zisudzo, poganiza kuti amenewa ndi masewera. Anthu a boma lino ali ndi umboni wotsutsa maganizo amenewa pakhomo pawo pomwe. M'mapiri a Chongoni muli malo 127 a zithunzi zojambulidwa pamiyala, zina zofiira za Akafula ndi zina zoyera za Achewa, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linaika malowa pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Mu 2005 bungwe lomweli linali litalemekeza kale Gule Wamkulu monga chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Ku Mua kuli malo a Kungoni, amene Bambo Claude Boucher anakhazikitsa mu 1976, ndipo amisiri osema ophunzitsidwa kumeneko akhala akugulitsa ntchito zawo kwa alendo ochokera m'maiko ambiri. Nako ku Dedza Pottery dongo limasanduka mbale, makapu ndi miphika zimene apaulendo amaima kuti agule.

Masiku ano ntchito za luso zachuluka kuposa kale. Pamafunika wojambula zithunzi za m'mabuku a ana, wokonza zizindikiro za makampani pa kompyuta, wosindikiza malaya a sukulu ndi zitenje za mipingo, wolemba zikwangwani za masitolo, wojambula makanema a maukwati, komanso wokonza nyimbo mu situdiyo. Malamulo nawo amateteza ntchitozi. Bungwe la COSOMA lakhala likugwira ntchito kuyambira mu 1992, ndipo mu 2016 dziko lino linakhazikitsa lamulo latsopano loteteza umwini wa ntchito zaluso. Choncho mwana wosankha njira imeneyi sanasochere. Chimene banja liyenera kusamala nacho ndi malo amene akupita kukaphunzira.

Mayina a mapepala

Mauthenga ena a pa intaneti amatchula pepala lotchedwa associate degree. Mawu akuti digiri akamveka, kholo limaganiza kuti ndi digiri yonga ya ku Zomba, pamene si choncho. Associate degree ndi pepala lofala m'dziko la America, ndipo limaperekedwa makamaka ndi makoleji a m'madera otchedwa community college. Maphunziro ake amatenga zaka ziwiri, zimene ndi theka la maphunziro a digiri yoyamba ya zaka zinayi. Kumeneko amawerengera maphunziro m'makirediti, ndipo pepalali limafuna makirediti pafupifupi 60, pamene digiri yoyamba imafuna pafupifupi 120.

Pepalali lili ndi mitundu ingapo. Associate of Arts amakonzera wophunzira amene akufuna kupitiriza ku yunivesite, ndipo mbali yaikulu ya maphunziro ake ndi ya m'kalasi monga chinenero, masamu ndi mbiri. Associate of Fine Arts amapereka nthawi yochuluka ku ntchito ya manja monga kujambula, kusema kapena kuimba. Associate of Applied Science amakonzera wophunzira kuti akayambe ntchito msanga, koma makirediti ake salandiridwa onse akafuna kupitiriza ku yunivesite. Wachinyamata wofuna kukhala wojambula akhoza kulembetsa Associate of Arts chifukwa chokopeka ndi dzina lokha, n'kupeza kuti nthawi yogwira burashi ndi yochepa.

Kuno ku Malawi pepala lofanana nalo pa msinkhu ndi dipuloma. Pansi pake pali satifiketi, ndipo pamwamba pake pali digiri. Banja lidziwe bwino dzina lenileni la pepala limene mwana adzalandire, chifukwa olemba ntchito, makamaka m'boma, amaika munthu pa giredi ndi malipiro motsatira pepala lake.

Kuyambira kumapeto

Funso loyamba lipite kwa mwanayo: akamaliza, akufuna kudzachita chiyani? Yankho lake ndilo limasonyeza koleji yoyenera.

Wofuna kudzaphunzitsa m'sukulu za boma afunika pepala la uphunzitsi. Dipuloma ya zojambula payokha siimutsegulira khomo la kalasi. Njira yake ndi makoleji ophunzitsa aphunzitsi a pulayimale, monga St Joseph's ku Bembeke imene imaphunzitsa atsikana, kapena makoleji a aphunzitsi a sekondale monga Domasi ndi Nalikule. Ku pulayimale kuli phunziro la Expressive Arts, ndipo mphunzitsi wodziwa kujambula ndi kuimba ndi mwayi waukulu kwa ana ake.

Wofuna digiri ayang'ane kaye masukulu a ukachenjede a boma. University of Malawi ku Zomba, imene kale inkadziwika kuti Chancellor College, imaphunzitsa zojambula, nyimbo ndi zisudzo mpaka pa digiri. Malawi University of Science and Technology, imene inatsegulidwa mu 2014 ku Ndata m'boma la Thyolo, ili ndi nthambi ya Bingu School of Culture and Heritage yophunzitsa za nyimbo za mu Africa ndi za chikhalidwe. Kuti munthu aganiziridwe malo m'masukuluwa amafunika kukhala ndi makirediti asanu ndi limodzi pa MSCE, kuphatikizapo Chingerezi, kutanthauza kupeza pakati pa 1 ndi 6 pa phunziro lililonse mwa asanu ndi limodziwo. Wachinyamata amene wapereweza kirediti imodzi angapindule kwambiri atalembanso mayeso, kusiyana ndi kuthamangira dipuloma imene sidzamufikitsa ku digiriyo.

Wofuna kudzatsegula malo akeake a ntchito afunika luso la manja kuposa china chilichonse, chifukwa kasitomala amaona ntchito osati satifiketi. Kwa wotere, makoleji a ntchito zamanja oyang'aniridwa ndi TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1999, ali ndi maphunziro monga a utelala ndi kukonza masitayilo a zovala komanso ukalipentala. Kuyambira mu 2015 boma lakhala likutsegula makoleji otere m'maboma kuti achinyamata asamapite kutali. Wokonda nyimbo angafunse ku Music Crossroads Academy ku Lilongwe, ndipo wokonda kusema kapena kuumba angaphunzire zambiri pokhala pafupi ndi mmisiri wodziwa ntchito yake.

Kodi koleji ndi yovomerezeka?

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Funso lachiwiri, limene siliyenera kudumphidwa, ndi lakuti kodi boma likuidziwa kolejiyo ndi maphunziro ake. Bungwe la National Council for Higher Education, limene ambiri amalitchula kuti NCHE, linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011 kuti liziyang'anira maphunziro a ukachenjede m'dziko lino. Pali zinthu ziwiri zimene bungweli limachita, ndipo makolo ambiri amazisokoneza. Choyamba ndi kulemba koleji m'kaundula, zimene zimaipatsa chilolezo chogwira ntchito. Chachiwiri ndi kuunika maphunziro aliwonse paokha, poona aphunzitsi, mabuku, zipangizo ndi kaphunzitsidwe, kenako n'kuwavomereza ngati akwaniritsa zofunika.

Tanthauzo lake n'lakuti koleji ikhoza kukhala m'kaundula, maphunziro ake a zamalonda n'kukhala ovomerezeka, pamene dipuloma yake ya zaluso sinaunikidwe. Koleji ikhozanso kukhala ndi nthambi m'mizinda ingapo, chilolezo chili cha nthambi imodzi yokha. Choncho kholo lisakhutire ndi yankho lakuti koleji ndi yovomerezeka. Lifunse dzina la maphunzirowo ndi nthambi imene mwana akaphunzireko, kenako lifananize ndi mndandanda umene NCHE imafalitsa m'nyuzipepala ndi pa intaneti. Ngati ndi maphunziro a ntchito zamanja, funso lomweli lipite ku TEVETA. Wogwira ntchito pakoleji akayankha kuti chilolezo chili m'njira, banja lidikire mpaka chifike. Mwana wophunzira pamalo osavomerezeka amatha kumaliza bwinobwino, n'kuvala gawuni, koma pepala lake n'kukanidwa pofunsira ntchito.

Kukaona ndi maso

Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Zithunzi za pa chikwangwani sizionetsa zimene zimachitika m'kalasi, ndipo maphunziro a zaluso amasiyana ndi ena chifukwa saphunziridwa ndi choko ndi bolodi zokha. Kholo kapena mwana apite kukaona malowo tsiku la maphunziro, ngakhale ulendowo utadya ndalama ya minibasi. Ndalama imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi fizi ya teremu imodzi.

Akafika apemphe kuona chipinda chogwiriramo ntchito. Ngati koleji ikuti imaphunzitsa kuumba, pakhale dongo ndi uvuni wowotchera. Ngati ikuti imaphunzitsa kujambula pa kompyuta, mlendo awerenge makompyuta amene akuyaka, afunse chiwerengero cha ophunzira, ndipo afunsenso chimene chimachitika magetsi akazima. Makompyuta asanu pa ophunzira makumi anayi ndiye kuti wophunzira aliyense amagwira kompyuta mwa apo ndi apo. Ngati ndi nyimbo, zida zoimbira zioneke ndipo zikhale zogwira ntchito. Ngati ndi zovala, makina osokera akhale okwanira.

Aphunzitsi nawo ndi ofunika kuwadziwa. Mphunzitsi wa zojambula akhale munthu amene amajambula, ndipo ntchito zake zioneke. Koleji imene aphunzitsi ake onse ndi aganyu obwera Loweruka lokha siingathe kumutsatira wophunzira pamene dzanja lake likukula. Umboni woposa onse ndi ntchito za ophunzira a chaka chomaliza. Koleji yabwino imazionetsa monyadira, ndipo siivutika kutchula kumene ophunzira ake akale akugwira ntchito. N'kwanzeru kucheza ndi wophunzira mmodzi kapena awiri kunja kwa mpanda, kumene angalankhule momasuka za aphunzitsi ojomba ndi mayeso ochedwa.

Pali chizindikiro chinanso. Sukulu zambiri za zaluso zimapempha wofunsira malo kuti aonetse ntchito zimene wachita kale, zimene zimatchedwa portfolio, kapena kuti aimbe ndi kuchita sewero pamaso pa aphunzitsi. Koleji imene imangofunsa risiti ya kubanki, osafuna kuona chimene mwana amatha, yaonetsa kale chimene ikufuna kwa iye. Wachinyamata ayambe lero kusunga zojambula zake mu fayilo, ndipo zosema ndi zoumba azijambule pa foni zisanagulitsidwe.

Makwerero opita ku digiri

Mabanja ambiri amasankha dipuloma poyembekezera kuti mwana adzapitiriza mpaka digiri ndalama zikadzapezeka. Chiyembekezo chimenechi n'chabwino, koma chimafunika kutsimikizidwa pachiyambi pomwe. Yunivesite iliyonse ili ndi malamulo ake pa za madipuloma amene imalandira. Ina imalola wophunzira kuyambira chaka chachiwiri kapena chachitatu, ina imamuyambitsa chaka choyamba, ndipo ina imafuna kuti akhale atagwirako ntchito zaka zingapo. Amene angayankhe funsoli molondola ndi yunivesite yolandirayo, kudzera ku ofesi yake yolemba ophunzira. Lonjezo la pakamwa la koleji yopereka dipuloma silikwanira. Ngati koleji ikunena kuti ili pa mgwirizano ndi yunivesite ina, ionetse kalata ya mgwirizanowo, ndipo banja lifunsenso ku yunivesite yotchulidwayo.

Kuwerengera mtengo wonse

Fizi yolembedwa pa chikwangwani ndi gawo chabe la ndalama zofunika. Pamwamba pake pamabwera ndalama yolembetsera, ya mayeso, ya chiphaso cha wophunzira, ya malo ogona, chakudya ndi mayendedwe. Wophunzira wa zaluso amagulanso zipangizo zimene zimatha: penti, maburashi, mapepala, nsalu, ulusi, zingwe za gitala, ndipo wojambula pa kompyuta posakhalitsa amafuna laputopu yakeyake. Zambiri mwa izi zimachokera kunja, kotero mitengo yake imakwera kwacha ikagwa, monga zinachitikira mu November 2023 pamene inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Banja lipemphe mndandanda wolembedwa wa zolipira zonse, liwerengere zaka zonse ziwiri, ndipo lifunse ngati fizi imakwezedwa pakati pa maphunziro komanso ngati ndalama imabwezedwa mwana akasiyira panjira chifukwa cha matenda.

Pa nkhani ya ngongole za ophunzira, bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene linakhazikitsidwa mu 2015, limathandiza ophunzira osowa m'masukulu ovomerezeka, ndipo lili ndi malamulo ake pa za maphunziro amene limalipirira. Banja lifunse ku bungwelo mwana asanayambe sukulu, m'malo moyamba ndi chiyembekezo cha ngongole imene mwina sidzabwera. Ndalama iliyonse ilipiridwe ku akaunti ya koleji ndipo risiti isungidwe. Munthu wouza kholo kuti litumize ndalama pa nambala yake ya foni kuti amusungire mwana malo ndi woyenera kumukayikira.

Malo ogona ayenderedwenso, makamaka ngati wophunzirayo ndi mtsikana. Makoleji ambiri a m'tauni alibe mahositelo, ndipo ophunzira amachita lendi m'makomboni. Kholo lidziwe kumene mwana azigona, mtunda wochokera kumeneko kukafika kusukulu, ndi nthawi imene maphunziro amatha madzulo.

Za kunja ndi za pa intaneti

Wachinyamata amene mtima wake uli pa associate degree ya ku America adziwe mmene zinthu zimayendera kumeneko. Koleji ikamulandira imamutumizira fomu yotchedwa I-20, ndipo isanatero imafuna umboni wakuti pali ndalama zokwanira fizi ndi zofunika pa moyo kwa chaka chathunthu. Ndi fomuyo amakapempha viza ya ophunzira ya F-1, imene siiperekedwa kwa aliyense wopempha, ndipo malamulo ake amasinthasintha. M'chaka choyamba, wophunzira wa viza imeneyi amaloledwa kugwira ntchito pasukulu pokha, maola osapitirira 20 pa sabata m'nthawi ya maphunziro, choncho maganizo akuti akadzilipirira yekha ndi maganyu ndi osadalirika. Thandizo la ndalama la boma la America silipita kwa ophunzira akunja, ndipo m'makoleji a boma iwo amalipira fizi yokwera kuposa eni dera.

Ku America nako kuli makoleji ovomerezeka ndi osavomerezeka. Mabungwe ounika makoleji amazindikiridwa ndi unduna wa maphunziro wa dzikolo kapena ndi bungwe la CHEA, ndipo pa maphunziro a zojambula pali bungwe lapadera la NASAD. Uphungu wa maphunziro a ku America umaperekedwa kudzera mu ndondomeko ya EducationUSA, imene munthu angaifunse ku ofesi ya kazembe wa dzikolo ku Lilongwe. Palibe munthu wapakati amene angagulitse viza kapena kutsimikiza kuti idzatuluka.

Maphunziro a pa intaneti amaoneka otchipa, koma fizi yake imalipiridwa m'madola, ndipo amafuna laputopu, magetsi ndi bandulo ya tsiku ndi tsiku. Kusema ndi kuumba n'kovuta kuphunzira popanda mphunzitsi woima pambali kukonza kagwiridwe ka chipangizo. Pomaliza pake pepala lililonse lochokera kunja limayenera kuunikidwa ndi NCHE kuti lidziwike msinkhu wake kuno, ndipo n'kwabwino kufunsa za kolejiyo ku bungweli ndalama isanatumizidwe.

Udindo wa mudzi

Mutu umodzi susenza denga. Kholo limene silinapite patali ndi sukulu lisachite manyazi kupempha mphunzitsi wamkulu wa sekondale yapafupi kuti aliwerengere kalata ya koleji ndi kuyang'ana dzina lake pamndandanda wa NCHE. Ofesi ya maphunziro ndi ofesi ya achinyamata ku khonsolo ndi malo enanso ofunsirako. Mafumu, makhansala ndi makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC angathandize poika nkhani imeneyi pamisonkhano yawo m'nyengo imene zotsatira za mayeso zatuluka, ndi poitana achinyamata a m'deralo amene anaphunzira kale zaluso kuti adzafotokozere anzawo zimene anakumana nazo.

Mwana amene koleji yake yachedwa chifukwa banja likufufuza sanataye kanthu. M'miyezi yodikirayo akhoza kudzaza fayilo ya zojambula zake, kuthandiza mmisiri wa pafupi, kapena kukonzekera kulembanso phunziro limene linamuvuta. Banja likadzapeza koleji yovomerezeka, yokhala ndi zipangizo ndi aphunzitsi, ya mtengo umene lingaukwanitse mpaka kumapeto, pamenepo mbuzi igulitsidwe ndipo fizi ilipiridwe.